Maina Akale ndi Mbiri Yatsopano ku Charleston

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2024, sukulu zitatsekera, tidapeza mwayi wokacheza kwa mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ya unamwino ku Charleston, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic m'chigawo cha South Carolina ku Amereka. Tidakhalako milungu itatu. Madzulo a tsiku lachiŵiri, tikali otopa ndi ulendo, mwana wathuyo adatsegula wailesi ya kanema nati, "Bambo, ngati mufuna kudziŵa chimene achinyamata ambiri akudzera kuno masiku ano, taonani izi."

Tidaona amuna ndi akazi ovala mochititsa kaso atakhala pa gome lalitali m'nyumba yokongola. Poyamba ankaseka ndi kugunditsa matambula. Pasanapite nthaŵi wina adadzuka nayamba kulalatira mnzake, wina adatuluka akulira, ndipo chakudya chidazizira pagome. Tidayesa kuti ndi seŵero. Mwana wathu adatiuza kuti si seŵero ai. Anthuwo amatchedwa maina awo enieni, nyumbazo ndi zawo, ndipo amalipidwa kuti makamera aziwatsata ku maphwando, ku malo omwera, ngakhale m'zipinda zawo. Okonza pulogalamu amajambula maola ambirimbiri, kenaka amataya zonse zabata nasunga mikangano, chifukwa ndiyo imene imakopa oonera. Pulogalamuyo dzina lake ndi Southern Charm, kutanthauza nsangala ndi ulemu zimene anthu a kummwera kwa Amereka amanyadira. Idayamba kuonetsedwa pa kanema ya Bravo m'mwezi wa Malichi 2014.

Tsono tidafunsa kuti, kodi ameneŵa ndiwo akuluakulu a mzinda uno? Mwana wathu adangoseka nati tikafunse eni ake. Funso limeneli ndilo lidatiyendetsa m'misewu ya Charleston masiku onse otsatira.

Mzinda wa pakati pa mitsinje iŵiri

Angerezi adayamba mudzi umenewu m'chaka cha 1670 nautcha Charles Town, polemekeza mfumu yawo Charles II. Patapita zaka 10 adausamutsira pa kamtunda kopapatiza kamene kali pakati pa mitsinje ya Ashley ndi Cooper. Eni ake amaseka okha ponena kuti mitsinje iŵiriyi ikakumana pa Charleston ndiyo imapanga nyanja ya Atlantic. Nthabwala imeneyi ikukuuzani kale m'mene amadzionera.

Kutentha kwa kumeneko m'mwezi wa Ogasiti n'konga kwa ku Chigwa cha Shire mvula isanagwe, koma n'kwachinyezi, kotero kuti malaya amamatirira kumsana munthu asanayende n'komwe. Ngakhale zili chomwecho misewu imadzaza ndi alendo. Ena amakwera ngolo zokokedwa ndi akavalo, ena amaima pa msewu wa East Bay kujambula mzere wa nyumba zopakidwa mitundumitundu umene amautcha Rainbow Row. Pamwamba pa madenga pamaoneka nsanja za matchalitchi, zochuluka kotero kuti mzindawu amautcha Mzinda Woyera. Pa msewu wa Meeting tidaona tchalitchi cha First Scots Presbyterian, mpingo umene udayambidwa ndi mabanja a ku Scotland mu 1731; nyumba imene akupempheramo lero idamangidwa mu 1814. Mzindawu udaona zoopsa zambiri: nkhondo yapachiweniweni ya ku Amereka idayambira pa doko lake, pa linga la Fort Sumter, pa 12 Epulo 1861, chivomezi chidaugwedeza mu 1886, namondwe wotchedwa Hugo adausasula madenga mu 1989. Nthaŵi zonsezi eni ake ankamanganso monga mwa kale, osafuna kusintha maonekedwe a makolo awo.

Chimene chidatigwira mtima kwambiri ndi kamangidwe ka nyumba za kummwera kwa msewu wa Broad, kumene kuli mabanja akale. Nyumba zambiri siziyang'ana kumsewu monga zathu. Zimaonetsa kumsewu mbali yake yopapatiza, ndipo khonde lalitali limayang'ana kumbali, ku munda wa maluŵa wotchingidwa ndi mpanda. Chitseko chimene chili kumsewu sichiloŵetsa m'nyumba ai, chimangofikitsa pakhonde. Khomo lenileni lili m'kati, pakati pa khondelo. Akuti adamanga chotero pofuna kamphepo ka kunyanja. Koma ife titaima pa chitseko chimodzi chotere tidaona kuti ndimo m'mene ulili mtima wa mzindawu. Mlendo amalandiridwa ndi nsangala, nayesa kuti waloŵa, chikhalirecho akali pakhonde.

Khomo limene ndalama sizitsegula

M'nyumba ina yakale imene amaonetsa alendo tidakumana ndi mayi wachikulire, wa imvi, amene ankatilongosolera za mipando ndi zithunzi za m'zipinda. Anzathu atatsogola, tidamfunsa mwaulemu ngati amaonera pulogalamu ija. Mayiyo adamwetulira pang'ono, natiuza kuti iye adaleredwa ndi lamulo lakale lonena kuti dzina la mkazi waulemu lioneke m'nyuzipepala katatu kokha: pobadwa, pokwatiwa ndi pomwalira. Sadanyoze munthu aliyense, sadatchule dzina. Adangotembenuka nayamba kutionetsa mbale za dothi zochokera ku China. Yankho tidali titalimva.

Chizindikiro chachikulu cha mabanja ameneŵa ndi bungwe la St. Cecilia Society. Lidayamba mu 1766 ngati bungwe la okonda nyimbo, ndipo linkaitana oimba kudzasangalatsa anthu kufikira cha m'ma 1820. Kuyambira pamenepo ntchito yake idasanduka yokonza dansi yapamwamba, imene kwa zaka zambiri yakhala ikuchitikira m'nyumba ya Hibernian Hall pa msewu wa Meeting. Mamembala ake ndi amuna, ndipo umembala umayenda m'magazi, kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana. Maina awo salengezedwa, atolankhani saitanidwa. Munthu angathe kugula nyumba ya madola mamiliyoni ambiri pafupi ndi nyanja, monga achitira olemera ambiri ochokera ku New York ndi kwina, koma kalata yomuitanira ku dansi imeneyo sangaigule.

Taonani tsono kusiyana kwake. Kwa mabanja akale, ulemu wa munthu umakula pamene zake sizikudziŵika. Kwa anthu a pa kanema, malipiro amakula pamene zawo zadziŵika kwambiri. Wina chuma chake ndi chitseko chotseka, wina chuma chake ndi zenera lopanda nsalu. Aŵiriŵa sangagwirizane, ngakhale atakhala oyandikana nyumba.

Anthu a pa kanema

Si onse a m'pulogalamuyi amene ali obwera. Pamene inkayamba, amene adakopa maso kwambiri adali Thomas Ravenel, wa banja limene makolo ake adali Akhristu a ku France otchedwa Huguenot, amene adathaŵa mazunzo nafika ku Carolina cha m'ma 1680. Mlatho waukulu wowoloka mtsinje wa Cooper kupita ku Mount Pleasant, umene udatsegulidwa mu 2005, udatchedwa dzina la bambo wake, Arthur Ravenel Jr., amene adali phungu wa nyumba ya malamulo ya Amereka. Thomas mwini wake adasankhidwa kukhala msungichuma wa chigawo cha South Carolina mu 2006, koma mu 2007 adatula pansi udindo chifukwa cha mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 10. Mu 2014, pulogalamu itayamba, adapikisana nawo pa mpando wa Senate nalephera. Adachoka m'pulogalamuyi mu 2018.

Winanso adali Kathryn Dennis, mtsikana wa mbumba ya John C. Calhoun, amene adali wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko la Amereka kuyambira 1825 mpaka 1832. Iye ndi Ravenel adabereka ana aŵiri, ndipo kukondana kwawo, kudana kwawo, ngakhale kulimbirana kwawo ana, zidaonetsedwa pa kanema ndi kulembedwa m'manyuzipepala kwa zaka zingapo. Apa ndi pamene ife, monga aphunzitsi, mtima udatiŵaŵa. Mkangano wa m'nyumba ukachitika mdima, m'maŵa akulu amaukonza ndipo umaiŵalika. Koma wojambulidwa sufafanizika. Ana aja adzakula, anzawo a kusukulu adzaupeza pa intaneti, ndipo iwo sadafunsidwe ngati alola.

Gulu lachiŵiri ndi la obwera ndi chuma. Amene adayambitsa pulogalamuyi ndi Whitney Sudler-Smith, ndipo mayi wake, Patricia Altschul, adasanduka ngati mfumukazi ya gululo. Mayiyu adakulira ku Virginia, adakhala nthaŵi yaitali pakati pa olemera a ku New York, ndipo mu 2008 adagula nyumba yaikulu ya nsanamira zazitali yotchedwa Mikell House, yomangidwa cha m'ma 1850. Oonera kanema a m'maiko akutali akamuona akulandira alendo ndi kuŵeruza za makhalidwe a achinyamata, amayesa kuti ameneyu ndiye gogo wa Charleston. Chonsecho pa kaŵerengedwe ka eni mzinda, munthu wofika mu 2008 wangofika dzulo.

Gulu lachitatu ndi la achinyamata amene adafika opanda dzina ndi opanda chuma chambiri, napeza zonse pa kanema. Craig Conover adachokera ku Delaware kudzaphunzira, nachita maphunziro a zamalamulo. Anzake m'pulogalamu ankamseka chifukwa chokonda kusoka; iye adasandutsa chitonzocho malonda, nayambitsa kampani yosoka mitsamiro yotchedwa Sewing Down South, imene idatsegula sitolo pa msewu wa King mu 2021. Tisanamizane, pamenepa pali khama ndi nzeru, ndipo sitinganene kuti onse a pa kanema ndi anthu achabe.

Nanga malo awo mumzindamo ndi otani? Monga tidaonera, ali ndi msewu koma alibe khonde. Pa msewu wa King alendo amawathamangira kuti ajambulitse nawo, malo odyera amene aonekera pa kanema amadzaza, ndipo mzinda umapindula ndi ndalama za alendowo. Koma kummwera kwa Broad kutchuka kotere sikuŵerengedwa kanthu. Wobwera amakhalabe wobwera, ndipo wa dzina lakale amene wadzionetsa pa kanema amayesedwa ngati mwana amene watulutsira pabwalo ziwiya za kuchipinda.

M'kati mwa mkuyu

Pofika apa mwina mukuganiza kuti ife tili kumbali ya mabanja akale. Kwa masiku angapo tidalidi chomwecho, pakuti kudzisunga ndi kusalankhula zam'nyumba pagulu ndi mwambo umene ifenso tidaleredwa nawo. Koma akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa mphambano ya misewu ya Meeting ndi Broad timapeza amayi akuda atakhala pamthunzi, akuluka madengu ndi udzu wonunkhira, masamba a paini ndi timizere ta mgwalangwa wa kumeneko. Pakati pa zoluka zawo tidaona chimodzi chophwatalala, ndipo mayi a kunyumba adafuula kuti, "Ili ndi lichero!" Lidalidi lichero, lopetera mpunga. Amayiŵa ndi a mtundu wotchedwa Gullah, zidzukulu za akapolo amene adatengedwa ku West Africa, makamaka m'madera olima mpunga a kufupi ndi Senegal ndi Sierra Leone. Luso lolima mpunga m'madambo, lopeta ndi loluka, adabwera nalo makolo awo. Ndipo mpunga umenewo, pamodzi ndi utoto wa indigo ndi thonje, ndiwo udamanga nyumba zija za makonde ataliatali. Pofika 1708 anthu akuda adali atachuluka kale kuposa azungu ku South Carolina.

Tidapita ku doko la Gadsden's Wharf, kumene zombo zinkatsitsa akapolo. Akatswiri a mbiri yakale amati pafupifupi anthu 40 mwa 100 alionse amene adatengedwa ku Africa kupita ku North America adaloŵera pa Charleston. Zombo zidachuluka koposa m'zaka zomalizira lamulo loletsa kuitanitsa akapolo lisanayambe kugwira ntchito pa 1 Januwale 1808. Pamalopo pali nyumba yosungiramo mbiri ya anthu akuda, International African American Museum, imene idatsegulidwa mu Juni 2023. Adaiimika pa nsanamira kuti isagunde pansi, polemekeza nthaka imene anthu ambiri adaferapo asanagulitsidwe n'komwe. Pambali pake pali dziŵe losaya, ndipo pansi pa madzi adazokotapo matupi a anthu ogonekedwa mothithikana monga ankawalongera m'zombo. Tidaimapo nthaŵi yaitali osalankhula.

Pamenepo maina aja tidayamba kuwamva mwina. John C. Calhoun, amene dzina lake linkatchulidwa monyadira pa kanema, ndi yemwe adaima m'nyumba ya malamulo mu 1837 nanena kuti ukapolo ndi chinthu chabwino. Fano lake lidaima pamwamba pa chipilala chachitali pa bwalo la Marion Square kwa zaka zoposa 100, kufikira khonsolo ya mzinda idalitsitsa mu Juni 2020. Khonsolo yomweyo idali itapepesa kale, mu Juni 2018, chifukwa cha mbali imene mzindawu udatenga pa malonda a akapolo. Ndipo pulogalamu ija, imene inkati ikuonetsa moyo wa Charleston, kwa zaka zake zoyamba idalibe munthu wakuda pakati pa otenga mbali ake enieni. Kusintha kudayamba mu 2020. Choncho mabanja akale ndi anthu a pa kanema, ngakhale amayang'anana ndi diso lofiira, adafanana pa chinthu chimodzi: onse aŵiri ankasimba nkhani ya mzinda nasiya kunja amene adaumanga.

Tidazindikiranso kuti kukhala chete kuli mitundu iŵiri. Pali chete wa ulemu, amene amaphimba maliseche a mnzake. Palinso chete wa munthu wosafuna kufunsidwa kumene chuma chake chidachokera. Kunja zonse ziŵiri zimaoneka chimodzimodzi.

Pa msewu wa Calhoun

Tsiku lomaliza mwana wathu adatitengera pa msewu umene umatchedwabe dzina la Calhoun. Pamenepo pali tchalitchi choyera cha nsanja yosongoka, Emanuel African Methodist Episcopal Church, chimene anthu amachitcha Mayi Emanuel. Mpingo umenewu udaona masautso kuyambira kale. Mu 1822 mmodzi wa atsogoleri ake, Denmark Vesey, adapachikidwa pamodzi ndi anzake ambiri pomuganizira kuti akukonza zoukira eni akapolo, ndipo nyumba yawo yopemphereramo idawonongedwa.

Lachitatu madzulo, pa 17 Juni 2015, mnyamata wachizungu adaloŵa pamene anthu ankaphunzira Baibulo. Adamlandira nampatsa mpando. Atakhala nawo pafupifupi ola lathunthu adatulutsa mfuti napha anthu 9, pamodzi ndi mbusa wawo, Clementa Pinckney, amene adalinso phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawocho. Patapita masiku aŵiri, wakuphayo ataonekera ku bwalo la milandu, ena mwa achibale a ophedwawo adaimirira, misozi ili m'maso, namuuza kuti amkhululukira. Si onse amene adatero, ndipo sitingadzudzule amene adalephera. Koma mau a oŵerengekawo adagwedeza dziko lonse. Lamulungu lotsatira anthu zikwizikwi, akuda ndi oyera, adagwirana manja pa mlatho uja wa Ravenel. Pa 10 Julayi chaka chomwecho mbendera ya asilikali amene adamenyera nkhondo ukapolo idatsitsidwa pa bwalo la nyumba ya malamulo ku Columbia, likulu la chigawocho.

Anthu amene adalankhula m'bwalo lija sadali a St. Cecilia, ndiponso sadali ndi pangano ndi kampani ya kanema. Makamera adawapeza pa tsiku limene sadalifune. Chimene adatulutsa pakamwa pawo sichidakonzedwe ndi munthu; chidali chimene adakhala akuphunzira Lachitatu ndi Lamulungu kwa zaka zambiri, pamene panalibe wowajambula. Funso lija tidafunsa madzulo a tsiku lachiŵiri, lakuti akuluakulu a mzinda uno ndani, tidaliyankha tokha titaima pa makwerero a tchalitchi chimenecho.

Mau kwa makolo ndi achinyamata

Inu achinyamata, pulogalamu yotere simusoŵa kupita ku Amereka kuti muloŵemo. Foni imene ili m'thumba mwanu ndi kamera, ndipo Facebook ndi TikTok ndi bwalo limene silitsekera. Musanaikepo mkangano wa m'banja mwanu, kapena chithunzi cha mnzanu ali pa manyazi, kumbukirani ana aŵiri aja a ku Charleston. Kudziŵika ndi anthu ambiri n'kosavuta masiku ano, koma kukhulupirika kwa anthu ochepa amene amakudziŵani bwino kumatenga zaka.

Ndipo ife makolo tisafulumire kuomba m'manja. Nafenso timadziŵa kunyadira kuti ndife a banja la uje, kuti agogo athu adali oyamba pamudzi kapena pa mishoni, ndi kuyang'ana obwera ndi diso lakumbali ngakhale akhala pakati pathu zaka 30. Dzina la makolo ndi choloŵa chabwino, koma likhala ndi ngongole zake, ndipo woliloŵa ayenera kuzidziŵa. Tikabisira ana athu zolakwa za m'mbuyo poti tikusunga ulemu, tikuwasiyira nyumba yopakidwa bwino imene mizati yake idadyedwa ndi chiswe.

Pobwerera tidagula lichero laling'ono kwa mayi mmodzi wa pa mphambano ija. Mtengo wake udali wokwera, ndipo tidazengereza, kufikira adatiuza kuti lidamtengera masiku angapo kuluka, ndi kuti luso limenelo adamphunzitsa ndi agogo ake. Tidalipira osanenerera. Lero lili pa khoma m'kalasi lathu, ndipo ana akafunsa kuti lichero lotere lachokera kuti, timawakhazika pansi ndi kuwasimbira za Charleston, kuyambira pa doko.